Fonti yonenepa yoburungira ija, ndiyisiye kapena ndipitirize nayo?

Uthenga wa lero ndi wa nkhani ya fonti, kutanthauza mtundu wa zilembo, ndipo wachokera kwa mayi wina wa ku Kawale ku Lilongwe, ndawufupikitsako pang'ono:

"Ndimapanga chiponde cha m'mabotolo komanso makeke a zinkhoswe ndi maukwati. Mwana wa achemwali anga anandipangira dizayini pa foni ndi fonti ina yonenepa, yoburungira m'makona monse, akuti dzina lake ndi Cooper Black. Ine ndinaikonda zedi nde tinaiyika paliponse, pa sitika ya botolo, pa fulaya, ngakhale pa kalata ya mitengo yomwe ndimatumiza m'maofesi. Koma masitika atabwera kopulintitsa, pamene tinalemba zomwe zili m'chiponde sipakuwerengeka, zilembo zangogwirana, ndipo nambala ya foni anthu akumasokoneza 8 ndi 3 ndi 6. Bambo akunyumba akuti zikuoneka ngati za ku nazale. Pano ndikufuna kulembetsa chikwangwani cha pa geti koma ndili ndi mantha kutayanso ndalama. Kodi fontiyi ndi yolakwika? Ndiyisiye?"

Mayi, choyamba mtima pansi. Fonti yanuyo si yolakwika ndipo diso lanu silinakunamizeni pamene munaikonda. Kunena zoona, pa geni ya chiponde ndi makeke, olo mukanabwera kwa ine musanasankhe chilichonse, imeneyo ikanakhala m'gulu la mafonti atatu oyamba omwe ndikanakuonetsani. Vuto lomwe lachitika ndi lakuti mwaipatsa ntchito zonse za pa sitika, pomwe iyo inapangidwira ntchito imodzi yokha, ndipo zimenezi ndimaziona pafupifupi sabata iliyonse pa madizayini omwe anthu amabwera nawo kuti tiwapulintire. Zimakonzeka, komanso mwachita bwino kufunsa musanalembetse chikwangwani chifukwa sitika mutha kupulintanso mawa koma chikwangwani chikalakwika mumakhala nacho zaka.

Ndiyambe ndi kukuuzani komwe inachokera, chifukwa zikuthandizani kumvetsa khalidwe lake. Cooper Black anaijambula bambo wina wa ku Chicago ku America dzina lake Oswald Cooper, ndipo inatuluka mu 1922 kudzera ku kampani yopanga zilembo za chitsulo ya Barnhart Brothers & Spindler. Bamboyu ntchito yake inali yolemba zilembo za malonda pamanja, zotsatsa za m'nyuzipepala ndi zina zotero, nde fontiyi anaipangira mitu ikuluikulu ya zotsatsa malonda, kuti munthu akangotsegula tsamba maso ake agwere pomwepo. Sanaipangire nkhani yaitali ayi. Zaka zoposa 100 zadutsa koma ikugwirabe ntchito yomweyo, ndipo ngati munaonapo ndege za easyJet za ku Britain, zoyera ndi olenji zija, dzina lolembedwa pambali pa ndegeyo ndi Cooper Black yomweyi. Kampani ya ndege imeneyo, osati nazale.

Tsopano itsegulenitu pa foni, mulembe mawu oti chiponde, muwakulitse mpaka adzadze sikirini, muwayang'anitsitse. Muona kuti palibe kona yakuthwa olo imodzi, timapazi ta zilembo, timizere ta kumapeto kwa miyendo yake tija, tili tofufuma ngati tatupa pang'ono ndipo pansi pake sipaphwatalala kwenikweni, pali mokhota. Yang'anani o, kabowo ka mkati mwake sikanaime chilili, kapendekera chakumbuyo. Kadontho ka pa i sikozungulira ndendende, ndi kobulungira motalikirako komanso kopendekeka. Tinthu timeneti ndi tomwe timapangitsa kuti fontiyi izioneka ngati yalembedwa ndi dzanja la munthu osati makina, nchifukwa chake imamveka yaubwenzi, yofunda, ya chakudya chokoma. Ndipo si nkhani ya maganizo athu okha ife opanga madizayini, mu 2006 akatswiri awiri a kaganizidwe ka munthu, Moshe Bar ndi Maital Neta, anapeza pa kafukufuku wawo kuti anthu akawaonetsa mwachangu zithunzi za zinthu, amakonda kwambiri zokhotakhota kusiyana ndi za makona akuthwa. Nde inu kuikonda kuja munali m'gulu la anthu ambiri.

Koma mukadali pomwepo yang'ananinso e wa kumapeto kwa mawuwo. Kabowo ka m'mutu mwake ndi kakang'ono bwanji poyerekeza ndi kunenepa kwa chilembocho? Chimodzimodzi a, chimodzimodzi 8 ndi 6 ndi 9. Apa ndi pamene pagona nkhani yanu yonse. Munthu akamawerenga sikuti amangoona inki yokha, amaonanso mipata yoyera ya mkati ndi ya pakati pa zilembo, ndipo mipata imeneyi ndi yomwe imasiyanitsa e ndi o, kapena 8 ndi 3. Fonti yonenepa inadya kale mipatayo, inangotsala yochepa. Ikakhala yaikulu palibe vuto, kabowo kaja kamaonekabe bwinobwino. Mukaichepetsa kufika pa saizi ya 6 kapena 7 kuti mawu onse akwane kuseri kwa botolo, kabowo kamatsala ngati kuboola kwa singano, kenako inki ikafika pa pepala imamwazika pang'ono, pepala lililonse limamwa inki ndithu makamaka masitika otchipa a pepala opulintidwa pa pulinta ya inki yamadzi, basi kabowo katsekeka, e wasanduka chibulumwa, 8 ndi 6 afanana. Si kuti opulinta anakulakwirani kwenikweni, ngakhale wopulinta wosamala amayenera kukuchenjezani asanadinde mazanamazana.

Fonti ngati imeneyi muziiona ngati mnyamata woitanira minibasi mu depoti. Akakuwa kuti "Kawale! Kawale!" aliyense amva, olo ali kutsidya kwa msewu, ndipo ntchito yake yathera pomwepo. Koma simungamuuze kuti akuwerengereni pangano la lendi ndi mawu omwewo, mutu ungakupwetekeni musanafike pakati. Dzina la bizinesi yanu, mawu oti Chiponde, mawu oti Makeke, mtengo wa pulomoshoni, izi ndi zokuwa. Zomwe zili m'botolo, kasungidwe, tsiku lothera ntchito, adilesi, izi ndi zolankhula mwakachetechete, zimafuna fonti ina.

Nde pa sitika chitani chonchi. Cooper Black itsale pa dzina ndi pa mawu oti Chiponde basi, yaikulu ndithu, ine sindimakonda kuitsitsa kupyola saizi ya 18 ndipo imayamba kukongola zenizeni kuyambira 24 kupita m'mwamba. Zina zonse zilembedwe ndi fonti wamba yoonda, yopanda zokongoletsa, monga Open Sans, Lato kapena Noto Sans, zonsezi ndi zaulere pa webusaiti ya Google Fonts, olo Arial yomweyi ya pa kompyuta iliyonse igwira ntchito. Saizi ya tizilembo tating'onoto isatsike kupyola 7, bola 8 ngati malo alipo, poganizira kuti ambiri ogula chiponde ndi azimayi ndi azibambo omwe maso anayamba kale kuvuta ndipo akuwerengera mu shopu momwe magetsi ake ndi osawala. Mafonti awiri akwana. Wachitatu asalowepo, ndikudziwa kuti m'mapulogalamu opangira madizayini monga PixelLab ndi Canva muli mafonti ambirimbiri ndipo mwana akawaona amafuna alawe onse, koma mumuuze kuti awiri basi.

Nambala ya foni ndiyikhalirepo pang'ono chifukwa ndi pamene pamalowera ndalama. Munthu akalakwitsa chilembo chimodzi m'mawu amatha kuganizira yekha kuti apa amafuna kunena chakuti, koma akalakwitsa nambala imodzi waimbira munthu wina, oda yapita. Ilembeni ndi fonti yoonda ija koma ya bold, muigawe m'timagulu ta manambala atatu kapena anayi ndi mpata pakati, osati chinjoka chimodzi cha manambala 10 ogundana. Ndipo ikhale yakuda pa malo oyera kapena owala. Zilembo zoyera zing'onozing'ono pa mtundu wakuda kapena wofiirira zimavuta kawiri, chifukwa apo inki yozungulira imalowerera mkati n'kudya chilembocho mpaka chimatsala ngati ulusi.

China chomwe ndikuganiza kuti chinachitika, chifukwa chimachitika kwambiri: dizayini inapangidwa pa foni, inasungidwa ngati chithunzi, kenako inatumizidwa pa WhatsApp ngati chithunzi wamba. WhatsApp imafinya zithunzi kuti zisadye bandulo, nde m'mphepete mwa zilembo mumachita mbuu, pa foni simungaone koma pa pepala zimaonekera. Potumiza kwa opulinta muzisankha Document osati Gallery, ndipo ngati pulogalamuyo ikulola, sungani ngati PDF. Ngati ndi chithunzi basi, chikhale PNG ya saizi yaikulu, opulinta amafuna madontho 300 pa inchi iliyonse, kutanthauza kuti sitika ya masentimita 10 m'litali imafuna mapikiselo pafupifupi 1,200, osachepera apo.

Tibwere kwa bambo akunyumba. Sindiwatsutsa kotheratu, pali chomwe aona, koma ndikukayika ngati chili mu fontiyo. Madizayini ambiri omwe amaoneka a ku nazale amakhala kuti chilembo chilichonse chili ndi mtundu wake, ichi chofiira ichi chachikasu ichi chobiriwira, kenako aikanso mthunzi kumbuyo, mzere woyera kuzungulira, kunyezimira pamwamba, mwinanso mawuwo awapinda ngati uta. Fonti yonenepa ili kale ndi mphamvu zokwanira, mukaiwonjezera zonsezi imasanduka chidole. Tayesani kuchotsa zonse, musiye mtundu umodzi, mwachitsanzo bulauni wakuda ngati wa mtedza wokazinga bwino pa malo a kirimu, kapena kirimu pa bulauni poti pa dzina zilembo ndi zazikulu sizivuta, ndiye muwaonetsenso bambowo osawauza kuti fonti ndi yomwe ija. Nthawi zambiri munthu amati koma iyi nde yabwino, mwasintha fonti eti? Pa makeke mutha kusewera ndi pinki wozama kapena mtundu wa vinyo, komabe umodzi, ndi wina wothandizira.

Komanso mudziwe kuti mafonti onenepa oburungira sali ofanana onse, ali m'magulu. Cooper Black ili ndi timapazi, nde imaoneka yachikale pang'ono, ya zaka za m'ma 1970 pamene inatchukanso kwambiri pa matisheti ndi pa zotsatsa, ndipo chikale chimenechi chimathandiza pa chakudya chifukwa chimapereka maganizo a chinthu chophikidwa pakhomo. Pali ena opanda timapazi, monga Arial Rounded MT Bold, Fredoka, ndi Baloo yomwe inapangidwa ndi a Ek Type ku India. Amenewa, makamaka Fredoka, ndi omwe amapendekera kwambiri ku za ana, moti munthu wa nazale, wa mafiriziseti kapena wa zovala za ana ndimamulozera kumeneko dala. Pali VAG Rounded yomwe inapangidwira kampani ya galimoto ya Volkswagen mu 1979 ndipo Apple inaigwiritsa ntchito zaka zambiri pa mabatani a makiyibodi ake, imeneyo ndi yoburungira koma yodekha, yaukhondo. Nde kuburungira pakokha si ubwana. Pa geni yanu ine ndingakhalebe pa Cooper.

Pa kalata ya mitengo yopita m'maofesi pokha ndikuletsani ndithu. Logo yanu pamwamba ikhale mu Cooper Black, palibe vuto, koma mndandanda wa makeke, mitengo, nambala ya akaunti, zonsezo fonti wamba saizi 10 kapena 11. Munthu wa mu ofesi akufananiza makoteshoni atatu, akufuna aone manambala ali mu mzere woongoka, ndipo pepala lodzadza ndi zilembo zonenepa limatopetsa maso komanso limamwa inki ya pulinta yake.

Tsopano chikwangwani, chomwe ndi nkhani yaikulu. Apa ndi kwawo kwa fontiyi, isangalala zedi, koma pali masamu pang'ono oti muchite musanapite kwa wolemba. Choyamba kaimeni pamene anthu azidzaonera chikwangwanicho, kaya ndi pa msewu kaya pa mphambano, muyeze mamita kufika pa geti. Lamulo lomwe olemba zikwangwani timayendera ndi lakuti pa mamita atatu aliwonse chilembo chitalike masentimita awiri ndi theka kuti chiwerengeke mosavutikira. Nde ngati msewu uli pa mamita 15 mukufuna zilembo za masentimita 12 kapena 13, ngati uli pa mamita 30 ndiye masentimita 25. Ngati anthu ake ndi odutsa pa galimoto kapena pa kabaza onjezeraniponso chifukwa ali ndi kamphindi kochepa kwambiri.

Apa ndi pamene Chichewa chathu chimafuna kusamala. Cooper Black ndi yotambalala, chilembo chilichonse chimadya malo ambiri m'mbali, ndipo mawu athu ndi aatali. Tengani bolodi lonse la mamita 2.4 m'litali, mukachotsa malire a m'mbali, zilembo za masentimita 25 zikwanapo mwina 10 kapena 11 pa mzere umodzi. Chiponde ali ndi zilembo 8, akwana bwinobwino. Makeke 6, akwana. Koma Takulandirani ali ndi 13, ndipo mukafuna kulemba kuti timapanganso makeke a zinkhoswe ndi maukwati ndiye zakanikiratu. Zikatere anthu ambiri amagwira mawuwo pa kompyuta n'kuwafinya m'mbali kuti akwane, ndipo chonde chonde mayi musalole zimenezi. Mukafinya, mizere yoimirira imaonda pomwe yopingasa ikadali yonenepa, o uja amakhala ngati wapondedwa, timabowo timatsekekeratu, kukongola konse komwe munaikondera kwatha. Pokulitsa kapena kuchepetsa muzikoka pa kona nthawi zonse osati pambali. Mawu akakana kukwana, chepetsani mawuwo kapena agaweni mizere iwiri, kapena apite ku fonti yoonda ija. Chikwangwani chabwino cha pa geti ndi dzina, mawu awiri onena zomwe mumagulitsa, nambala ya foni, kwatha. Zina zonse akazimvera mkati.

Za zilembo zazikulu zokhazokha, ambiri amaganiza kuti CHIPONDE amaoneka patali kuposa Chiponde. Pa fonti iyi ine ndimakonda chachikulu choyamba chokha, zina zing'onozing'ono, chifukwa kukoma kwa Cooper kuli mu zilembo zing'onozing'onozo, h wokwera m'mwamba, p wotsikira pansi, kadontho ka i, zimenezi zimapatsa mawu thupi lomwe diso limalizindikira msanga. Zazikulu zokhazokha zimapanga chikhoma chimodzi cholemera komanso zimadya malo ochuluka. Liwu limodzi lalifupi ngati SELO litha kukhala lalikulu lonse, palibe chovuta.

Mpata wa pakati pa zilembo nawo ndi wofunika. Fontiyi imakongola zilembo zikayandikana, koma zisagundane. Pa chikwangwani choonera patali muzitalikitse pang'ono pokha kuposa momwe zilili pa sikirini chifukwa patali zinthu zimaoneka ngati zagwirana, makamaka r ndi n omwe akayandikana amaoneka ngati m. Koma musachite kumwaza ngati C h i p o n d e, apo mawu amagawanika. Mizere iwiri ya mutu iyandikane, bola mchira wa p usakhudze mutu wa h wa m'munsi. Ndipo siyani malo opanda kanthu kuzungulira dzinalo, osachepera kutalika kwa chilembo chimodzi ngati n'kotheka, fonti yolemera imafuna popumira, mukaithinitsa mpaka m'mphepete mwa bolodi imaoneka ngati ikufuna kugwa.

Ubwino wina womwe anthu sadziwa ndi wakuti zilembo zoburungira zimakhalitsa zikadulidwa pa vinyl. Sitika ya vinyl ikayamba kumatuka imayambira pa nsonga zakuthwa, dzuwa ndi mvula ndi nsanza yopukutira zimagwira pamenepo, nde chilembo chopanda nsonga komanso chonenepa chili ndi malo ambiri ogwirira guluu. Ngati mukulembetsa ndi penti pamanja, zomwe ine ndimazilemekeza kwambiri chifukwa tili ndi amisiri aluso m'matauni mwathu, musangomuonetsa pa foni n'kumusiya. Pulintani dzinalo pa saizi yake yeniyeni pa mapepala angapo olumikiza, iye adindire pa bolodi ndi pensulo kapena choko kenako azipaka. Akalemba cha pamtima, wolemba aliyense dzanja lake limabwerera ku zilembo zomwe anazolowera, ndipo mudzapeza chikwangwani ndi sitika sizikufanana. Muonenso ntchito zake zakale, makamaka zomwe zakhala padzuwa chaka chathunthu.

Musanalipire chilichonse yesani kaye. Pulintani liwu limodzi lokha pa saizi yomwe mwasankha, olo pa pepala wamba la A3 lakuda ndi loyera, mumate pa geti, mupite pa msewu paja mukayang'ane, m'mawa komanso chakumadzulo dzuwa likapendeka. Mutenge munthu wachikulire yemwe sakudziwa zomwe mwalemba akuwerengereni nambala ya foni mokweza. Chimodzimodzi sitika, pulintani imodzi yokha pa pepala lomwelo lomwe adzagwiritse ntchito, muimate pa botolo lenileni, chifukwa botolo ndi lozungulira ndipo dzina likatalika kwambiri malekezero ake amazungulira kuseri, wogula amangoona pakati pokha. Dzina likwane mbali yomwe diso likuona botolo lili pa shelefu. Ndipo poti ndi chiponde, mafuta sangalephere kudontha, nde funsani sitika ya vinyl kapena yokutidwa ndi laminesheni, ya pepala wamba ikakhudzidwa ndi mafuta imachita mawanga.

Kanthu kena komwe kamatipweteka ife olemba Chichewa. Mafonti ambiri okongoletsa, makamaka otsitsa ulere pa intaneti, alibe chilembo cha ŵ, chija cha kadenga pamwamba. Ngati pa sitika mukufuna kulemba Malaŵi ndi kadenga, lembani muone kaye. Fonti ikakhala ilibe, pulogalamu imabwereka chilembocho ku fonti ina mwakachetechete, nde pakati pa zilembo zonenepa mumapezeka w mmodzi woonda, kapena kabokosi chabe. Yang'ananinso kankhodolero ka m'mawu ngati m'botolo, ng'ombe, n'kokoma, mafonti ena kamakhala kutali kwambiri mpaka liwu limodzi limaoneka ngati awiri, apo pamafunika kusendeza pamanja.

Fayilo ikamapita kwa opulinta omwe amagwiritsa ntchito pulogalamu ya CorelDRAW, ndipo ambiri kuno ndi imeneyo, pali ngozi yakuti kompyuta yawo ilibe fonti yanu nde imaika ina m'malo mwake osakufunsani. Wopanga dizayini asandutse zilembo kukhala zojambula asanatumize, mu CorelDRAW ndi Ctrl+Q, mu Illustrator ndi Create Outlines, koma asunge kope ina yosasandutsa kuti mudzathe kusintha nambala kapena mtengo mtsogolo. Mitundu nayo, ya pa foni imawala kuposa ya pa pepala chifukwa sikirini imayaka pomwe pulinta imasakaniza inki zinayi za CMYK, pinki wowala ndi olenji wowala ndi omwe amakhumudwitsa kwambiri, nde onani sampulo ndi maso anu musanavomereze.

Nkhani ya laisensi ndiyikhudze chifukwa bizinesi yanu ikukula. Cooper Black imabwera ndi Microsoft Office pa makompyuta ambiri, koma ija yomwe anthu amatumizirana pa WhatsApp kapena kutsitsa pa mawebusaiti osadziwika simungadziwe kuti chilolezo chake chikuti chiyani, ndipo mafonti ambiri a pa webusaiti ya DaFont amalembedwa kuti ndi aulere pa ntchito za iwe mwini basi osati za malonda. Mufunse mwanayo kuti anaitenga kuti. Ngati sizikudziwika bwino, a pa Google Fonts ali ndi chilolezo chololeza malonda, ndipo muli ina yotchedwa Caprasimo yomwe ili pafupi kwambiri ndi maonekedwe a Cooper, mutha kuiyerekeza muone ngati ikukukomerani.

Mukadzafuna maepuloni kapena zipewa zopeta ndi makina, dzina lokha ndi lomwe lipetedwe, ndipo zilembo zisachepere sentimita imodzi, ulusi umatseka timabowo kuposa inki. Ndipo poti fonti mukaikonda abale amayamba kubwereka, muwauze kuti pa pulogalamu ya maliro, pa chikwangwani cha loya kapena pa satifiketi isapiteko, nkhope yake ndi yosekerera, malo amenewo siyenera.

Pomwe ndingakuuzeni kuti musapitirire nokha ndi apa. Ngati mukupulinta masitika ambiri nthawi imodzi, kapena mukulembetsa chikwangwani choyaka magetsi usiku, lipirani dizayina wodziwa za kupulinta akukonzereni mafayilo, ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi kutaya mpukutu wonse, ndipo pa choyaka magetsi kuwala kumafufumitsa zilembo nde mipata imafuna kuwonjezera, zimenezi zimafuna munthu woti anazichitapo. Mumuuze akupatseni logo mu PDF kapena SVG, yamitundu komanso yakuda yokha, mafayilowo akhale anu osati azikhala pa kompyuta yake yokha. Mwana wa achemwali anuyo musamutaye, wayamba bwino, akhale pambali aziona. Chachiwiri, ngati cholinga ndi kulowetsa chiponde m'masupamaketi, pitani kaye ku Malawi Bureau of Standards mukafunse zomwe zimayenera kulembedwa pa sitika ya chakudya musanapangitse dizayini yomaliza, chifukwa zinthu ngati kulemera kwake, zosakaniza, tsiku lothera ntchito ndi adilesi ya wopanga zimafuna malo ake, ndipo ndi bwino kuzisiyira malo poyamba kusiyana ndi kudzazithinikiza dizayini itatha kale. Chachitatu, fontiyi aliyense atha kuigwiritsa ntchito, nde mawa mnzanu wa pa msika atha kulemba dzina lake ndi zilembo zomwezo, ngati mukufuna logo yoti ndi yanuyanu yodzalembetsa ku boma, dizayina asinthe zilembo zina pamanja kapena awonjezere kachizindikiro kanu.

Masitika omwe mwapulinta kale musawataye ngati dzina likuoneka bwino kutsogolo. Pulintitsani kasitika kena kakang'ono koyera, ka zilembo zakuda za fonti wamba, kokhala ndi zosakaniza, tsiku ndi nambala ya foni, mumate pamwamba pa mbali yosawerengekayo mpaka atathe, kenako oda yotsatira mupite ndi dizayini yokonzedwa. Mukakonza nditumizireni PDF yake pamodzi ndi muyezo wa botolo ndi mtunda wa kuchoka pa msewu kufika pa geti, ndiyang'ane musanapite kopulintitsa.